Madzi Akadutsa pa Mita, Udindo Ndi Wathu

Pali mawu ena amene tawazolowera kwambiri m'dziko muno mwakuti sitikumvanso kuipa kwake, ndipo mawuwo ndi akuti "n'za Boma izi". Amanenedwa pamene galimoto ya ku ofesi ikuyendetsedwa mosasamala, amanenedwanso pamene magetsi asiyidwa chiyakire usiku wonse. Koma kumene mawu amenewa aononga chuma chambiri mwakachetechete ndi m'nyumba zimene timagonamo. Aliyense amene adayendako kuseri kwa nyumba za Boma kapena za Malawi Housing Corporation m'mizinda yathu akudziwa zimene tikunena: mpopi wa panja wokulungidwa ndi malegeni, khoma la kumbuyo kwa bafa lobiriwira ndi ndere, ndiponso kadambo kosauma ngakhale m'mwezi wa October pamene dziko lonse lili gwa. M'nyumbamo mukukhala munthu wophunzira, wolandira malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo amalumpha matope amenewo m'mawa uliwonse atavala tayi.

Dongosolo la madzi a m'mipopi ndi losavuta kumva. Bungwe loona za madzi limatunga, limayeretsa ndi kubweretsa madziwo mpaka pa mita. Paipi ikaphulika kumsewu, mita isanafike, ntchito ndi ya bungwelo, ndipo udindo wathu ndi kukanena msanga. Koma madzi akangodutsa pa mita, dontho lililonse lalembedwa pa dzina la munthu, kaya lamwedwa, kaya lathera m'dothi. Bungwe silidzabwera kudzakonza mpopi wa m'khitchini mwanu. Anthu ambiri amadziwa zimenezi tsiku limene bilu yabwera yochititsa mantha, ndipo amathamangira ku ofesi kukakalipira kalaliki kuti mita ikunama, pamene wakuba ali m'chimbudzi cha m'nyumba mwawo momwe.

Tisanapitirire, ndi bwino tikumbutsane kumene madzi amenewa amachokera, chifukwa munthu sasamala chinthu chimene sadziwa kuvuta kwake. Madzi ambiri amene anthu a mu Blantyre amamwa amatungidwa mu mtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzindawu, ndipo amakankhidwa ndi makina kukwera chitunda cha mamita pafupifupi 800, kudzera ku Chileka. Madzi sakwera phiri mwa kufuna kwawo. Kukweza malita 1,000 pa msinkhu wotere kumadya mayunitsi a magetsi oposa awiri ngakhale makinawo atakhala angwiro, ndipo makina angwiro kulibe. N'chifukwa chake m'chaka cha 2019 padawonjezedwa madzi ochokera mu mtsinje wa Likhubula ku phiri la Mulanje, amene amayeretsedwa ku Nguludi. Ku Lilongwe, anthu amadalira madamu awiri a pa mtsinje wa Lilongwe ku Malingunde, loyamba lomangidwa mu 1966 ndipo lachiwiri mu 1989. Zomba ili ndi damu la Mulunguzi, Mzuzu ili ndi la Lunyangwa. Zonsezi zidamangidwa ndi ndalama zambiri, zina za ngongole imene ana athu adzabweze. Tsono taganizani: madzi ayenda ulendo wonsewo, athiridwa mankhwala, akwera mapiri, kenaka akuthera kuseri kwa bafa chifukwa cha kamphira kakang'ono kotha, pamene mayi wa ku Ndirande kapena kwa Mtandire wadzuka m'mbandakucha kukaima pa mzere ndi zigubu.

Ena amati mpopi wongodontha suli kanthu. Tiyeni tiwerenge. Pa tsiku pali masekondi 86,400. Mpopi umene ukugwetsa dontho limodzi pa sekondi iliyonse umataya madzi okwana ndowa ya malita 20 pa tsiku, ndipo amene akukayika aike ndowa pansi pake madzulo ano adzaone yekha mawa. Pa mwezi ndi malita 600, ndiye kuti migolo itatu ya malita 200. Choyambitsa chake nthawi zambiri ndi kamphira ka m'kati mwa mpopi, kamene amisiri amakatchula kuti washa, ndipo mtengo wake ndi wochepa kuposa wa zinthu zambiri zimene timagula osaganizira. Kukasintha sikufuna satifiketi: mutseke madzi pa chotsekera chachikulu, mumasule mutu wa mpopi ndi sipanala, muchotse kakale, muike katsopano. Chimene anthu ambiri amachita m'malo mwake ndi kupotokola mpopiwo ndi mphamvu zonse, mpaka mazinga ake atha, ndipo ntchito ya kamphira imasanduka ntchito yogula mpopi wathunthu.

Komabe mpopi uli ndi ubwino umodzi, umaulula wokha. Mdani weniweni ndi chimbudzi cha madzi. M'kathanki kake muli mpira woyandama umene umatseka madzi kathankiko kakadzaza, ndiponso muli mphira wina pansi amene amaletsa madzi kutsikira m'mbale ya chimbudzi. Chimodzi mwa ziwirizi chikatha, madzi amayenda usana ndi usiku mosaoneka bwino, ndipo angathe kutaya malita mazana angapo pa tsiku, kuposa amene banja lonse limamwa ndi kuphikira. Kaphokoso ka "sssss" kamene mumamva usiku anthu onse atagona ndi ndalama zanu zikupita. Njira yodziwira ndi yapafupi. Thirani timadontho ta inki kapena tiyi wakuda bii m'kathanki, ndipo pasakhale wogwiritsa ntchito chimbudzicho kwa theka la ola. Mukaona mtunduwo watsikira m'mbale, dziwani kuti mphira watha.

Mita nayo ndi mboni yokhulupirika, kungoti sitiifunsa. Tsiku limene madzi alipo, tsekani mipopi yonse, lembani manambala onse a pa mita kuphatikizapo ang'onoang'ono aja, ndipo mudikire maola awiri popanda wotunga kapena wopita kuchimbudzi. Manambalawo akasuntha, ndiye kuti pena pake pakutuluka madzi. Ngati mipopi ndi chimbudzi zili bwino, funani pansi: malo amene udzu wabiriwira kuposa anzake, malo amene simenti yasintha mtundu, kapena khoma limene penti yake ikufufuma. Ndi mabanja angati m'dziko muno amene amawerenga mita yawo kamodzi pa mwezi? Ambiri adailola kukwiririka ndi dothi ndi zinyalala, ndipo ena sadziwa n'komwe pamene ili.

Apa pakubwera funso limene tikadakonda mkulu aliyense wa pabanja atadzifunsa lero lomwe. Kodi paipi itaphulika m'nyumba inu muli kuntchito, mwana wanu kapena wantchito wanu akudziwa potsekera madzi onse? Chotsekera chachikulu chimakhala pafupi ndi mita. Aliyense wa m'nyumba, kuyambira mwana wa sukulu, ayenera kuonetsedwa pamene chili, ndipo chiyenera kuzunguzidwa kangapo pa chaka kuti chisagwidwe ndi dzimbiri. Chotsekera chimene sichidakhudzidwe kwa zaka khumi chimakana tsiku lomwe chikufunika. Nkhaniyi ndi yofunika kwambiri kwathu kuno chifukwa madzi amasiya kawirikawiri. Munthu amatsegula mpopi, apeza kuti ndi wouma, ausiya chitsegulire nanyamuka. Madzi amabwera pakati pa usiku kapena masana kulibe anthu, ndipo pobwerera mupeza mipando, mabuku a ana ndi matumba a chimanga zili m'thamanda. Madzi akatayika saoleka. Ena amasiya mpopi chitsegulire dala kuti phokoso liwadzutse madzi akabwera. Amenewa aike ndowa pansi, ndipo akhale otsimikiza kuti adzadzukadi. Banja likamapita kumudzi pa tchuthi, chinthu chomaliza lisanakhome chitseko chikhale kutseka chotsekera chija.

Amene ali ndi giza m'denga akhale tcheru mwapadera, pakuti ali ndi mgolo wa madzi otentha pamwamba pa mitu yawo. Kapaipi kake kotulukira kunja kakamadontha pang'ono madzi akamatentha, palibe chodabwitsa. Kakamayenda osaleka, itanani mmisiri. Chimene simuyenera kuchita ngakhale tsiku limodzi ndi kukatseka ndi chimtengo, chifukwa ndiko kamene kamapumitsa giza, ndipo giza yopanda popumira ingathe kuphulika. Madzi akasiya, izimitseni. Mukaona siling'i yanyowa, yambani mwazimitsa magetsi a nyumba yonse musanakwere kukaona.

Tanena za ndalama, koma kuonongeka kwa nyumba yeniyeniyo ndi kwakukulu kuposa bilu. Mu March 2023 namondwe Freddy adagumula nyumba ndi kupha anthu ambiri ku Chilobwe ndi m'maboma ena a m'chigawo cha kumwera, ndipo dziko lonse lidalira. Tsoka lotere munthu mmodzi sangalitchinge ndi sipanala. Koma nyumba zambiri m'dziko muno sizigwa tsiku limodzi. Zimaphedwa pang'onopang'ono ndi chinyontho. Njerwa imayamwa madzi monga momwe chingwe cha nyali chimayamwira palafini. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amayala pepala lakuda lija pamwamba pa maziko asanayambe khoma, ndipo mwini nyumba amene amakana kuligula pofuna kupulumutsa ndalama amadzalipira kakhumi. Ngakhale pepalalo lilipo, limakhala lopanda ntchito pamene wina waunjika dothi la maluwa kukhoma mpaka kulipitirira. Chinyontho chikalowa, pulasitala amagwa, mafelemu a zitseko amaola kapena kuchita dzimbiri, ndipo chiswe, chimene chimakonda malo onyowa, chimapeza njira yokwerera ku mitengo ya denga. Nyumba zambiri za m'makwalala athu zidamangidwa ndi dothi m'malo mwa simenti pakati pa njerwa, ndipo khoma lotere likanyowa m'munsi limakhala pansi. M'chipinda chonyowa mumamera nkhungu, ndipo ana amene ali ndi mphumu ndiwo amayamba kuvutika. Kupaka penti pamwamba pa khoma lonyowa, monga amachitira eni nyumba ena pofuna kukopa wa lendi watsopano, ndi kubisa chilonda ndi malaya.

Madzi a mvula nawo ali ndi masamu ake amene anthu sawaganizira. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, imapereka lita imodzi. Denga la mamita 10 mulitali ndi mamita 8 mulifupi, pa mvula ya mamilimita 30 imene ingagwe madzulo amodzi mu January, limatsitsa malita 2,400. Imeneyo ndi migolo khumi ndi iwiri, ndipo yonse imagwera m'mphepete mwa maziko ngati palibe kakhonde ka simenti kozungulira nyumba ndi ngalande yowatengera kutali. Banja lanzeru limakinga ena mwa madzi amenewa m'migolo yovindikira kuti lichapire ndi kuthirira ndiwo zamasamba. Nthawi yokwera padenga kukaona misomali yozuka, malata obooka ndi masamba a mango amene atseka njira za madzi ndi September ndi October. Ife timadikira mpaka mvula yoyamba itatipeza, kenaka n'kumayendayenda ndi mabeseni usiku. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndipo pokumba ngalande, tisailozetse kukhoma la mnansi wathu, chifukwa milandu yambiri imene mafumu a m'matauni amaweruza m'dzinja imayambira pomwepo.

Tsopano tifike pa nkhani imene ambiri sakonda kuikamba pagulu, ya madzi oipa otuluka m'nyumba. Paipi ya chimbudzi idapangidwira zinthu zitatu zokha: zotuluka m'thupi, madzi ndi pepala lofewa. Koma amisiri akamatsegula mapaipi otsekeka amatulutsamo zitsononkho, nsanza, manyuzipepala, majumbo ndi matewera a ana. Mu sinki timakhuthuliramo mafuta otsala ndi makoko a nsima. Mafutawo akazizira amaundana, nagwira china chilichonse chodutsa. Kasefa ka pa sinki ndi kotsika mtengo, ndipo zotsala za chakudya malo ake ndi kudzala. Mitengo ya mizu yaitali, monga bulugama, siyenera kudzalidwa pafupi ndi mapaipi kapena thanki ya zonyansa, pakuti mizu imanunkhiza madzi ndipo imalowa pa kamng'alu kakang'ono. Thankiyo nayo imafuna kupopedwa isanasefukire, osati pamene anansi ayamba kudandaula za fungo.

Wina asaganize kuti imeneyi ndi nkhani ya ukhondo wa pamaso chabe. Mu July 2017 anthu a ku Area 18 mu mzinda wa Lilongwe adatsegula mipopi yawo n'kutuluka madzi osakanikirana ndi zonyansa za m'chimbudzi, ndipo nkhaniyo idafika mpaka ku khoti. Zidatheka bwanji? Paipi ya madzi abwino ikakhala yodzaza, mphamvu ya madzi imakankhira kunja, kotero kuti ngakhale paipiyo ili ndi bowo, zoipa sizilowa. Koma madzi akasiya, m'paipi mumakhala mopanda kanthu, ndipo bowo lomwe lija limene dzulo limatulutsa madzi lero limayamwa chilichonse chimene chili m'dothi lozungulira. Ngati pafupi pali suweji yosefukira, zotsatira zake zimafika m'kapu ya mwana. Dziko lino lidataya anthu oposa 1,700 pa mliri wa kolera umene udayamba mu March 2022 n'kupitirira mu 2023, ndipo mu January 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa kaamba ka mliriwo. Titaona zimenezo, paipi yobooka pabwalo pathu sitingaitchulenso kuti ndi nkhani yaing'ono.

Nyumba zambiri za Boma ndi za Malawi Housing Corporation, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1964, zidamangidwa zaka makumi angapo zapitazo, zina pa nthawi imene likulu limasamukira ku Lilongwe mu 1975. Mapaipi ake ndi achitsulo, ndipo chitsulo chimadyeka m'kati. Zizindikiro zake ndi madzi ofiirira m'mawa ndiponso mpopi umene mphamvu yake ikucheperachepera chaka ndi chaka. Paipi yotere kuimata sikuthandiza, chifukwa mukatseka pano imaboola apo. Yofunika ndi kuisintha. Mapaipi apulasitiki sachita dzimbiri, koma akasiyidwa padzuwa amauma n'kuthetheka, ndipo akakwiriridwa pamwambamwamba khasu limawapeza. Posankha wogwira ntchitoyi, tisamangotenga aliyense amene wanyamula sipanala pamsika. Dziko lino lili ndi mapulambala amene adaphunzira m'sukulu za ntchito zamanja nalemba mayeso, ndipo pakati pawo pali amayi. Afunseni kumene adagwirako ntchito, ndipo zipangizo mukagule limodzi. Mpopi wotchipa kwambiri, wopepuka ngati chitini, mudzaugula kawiri chaka chisanathe.

Tikudziwa yankho limene wogwira ntchito m'Boma angatipatse. Adzati nyumbayi si yanga, mawa andisamutsira ku Nsanje kapena ku Chitipa, ndiye ndiwonongerenji ndalama zanga? Adzatinso ndidakanena kalekale koma palibe adabwera. Yankho loyambalo ndi lopanda pake. Nyumba imene mukupitako ku Nsanje idzakhala momwe mnzanu adaisiyira, ndipo ngati nayenso amaganiza ngati inu, mudzakolola zomwe mudafesa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndiponso bilu ya madzi otayikawo ikubwera kwa inu, osati kwa mwini nyumba. Kusintha kamphira, kuchotsa masamba padenga ndi kusamala zoponya m'chimbudzi ndi ntchito ya wokhalamo, monga momwe kusesa pabwalo kulili.

Yankho lachiwirilo lili ndi zoona, ndipo tiyenera kulimva. Paipi yoola m'khoma, denga lotha ndi thanki yogumuka ndi ntchito za mwini nyumba, kaya ndi Boma, kaya ndi bungwe, kaya ndi munthu wamba amene amakumbukira nyumba yake pa tsiku lotolera lendi lokha. Owerenga ambiri a tsamba lino ndi iwo amene makalata a madandaulo amafikira pa matebulo awo. Kalata yonena za paipi yophulika si yofanana ndi kalata yopempha penti, ndipo siyenera kugona m'faelo imodzi. Ndalama zikachepa, gawo loyamba kudulidwa limakhala la zokonzakonza, chifukwa palibe amene amaitanidwa kudzadula riboni pa chimbudzi chokonzedwa. Kumeneku ndi kuwerengera kolakwika, pakuti chimene chikadakonzedwa ndi ndalama zochepa chaka chino chimadzafuna kontirakitala patapita zaka zitatu. Wokhala m'nyumba azipereka dandaulo lake polemba, aikepo tsiku, ndipo asunge kope. Wolandira dandaulolo azilemba m'buku tsiku limene lafika ndi tsiku limene ntchito yachitika, kuti mkulu wa ofesi azitha kuona kutalika kwa nthawi pakati pa masiku awiriwo. Ndipo munthu akamasamuka, nyumba iziyenderedwa iye ali pomwepo, mpopi ndi mpopi, asanapereke makiyi.

Zomwezi zikukhudza maofesi, sukulu ndi zipatala. Si chinsinsi kuti nthambi za Boma zakhala ndi ngongole zikuluzikulu za madzi, ndipo m'malo ambiri mudaikidwa mamita olipiriratu. Pamene paikidwa mita yotere, chimbudzi chimodzi chotayitsa madzi Loweruka ndi Lamulungu chingathe kumaliza mayunitsi, ndipo Lolemba m'mawa ofesi yonse imapezeka yopanda madzi. Aliyense amadutsa pa mpopi wa pa ofesi umene ukuyenda, aliyense poganiza kuti wina wakanena kale. Mkulu wa ofesi asankhe munthu mmodzi, wodziwika ndi dzina, woti aziwerenga mita Lachisanu poweruka ndi Lolemba polowa. Kusiyana kwa manambala awiriwo, pa masiku amene munalibe munthu, ndiwo madzi amene ofesiyo ikulipira popanda wogwiritsa ntchito.

Kwa atsogoleri a m'madera ndi m'nthambi, makhansala ndi mafumu a m'matauni, pempho lathu ndi lakuti nkhaniyi ilowe pa misonkhano yanu mvula isanayambe. Itanani pulambala wa m'dera lanu abwere ndi mpopi wakale ndi sipanala, aonetse anthu pamaso pawo momwe kamphira kamasinthidwira, ndipo amayi ndi achinyamata ayesere ndi manja awo. Lembani nambala ya foni ya bungwe la madzi pamalo poonekera, pa msika ndi pa tchalitchi kapena pa mzikiti, kuti woona paipi yophulika kumsewu asasowe kokanena. Sankhani tsiku lofukula ngalande za m'makwalala, ndipo muyambire kumunsi kumene madzi amatulukira, mukukwera nazo kumtunda.